Chitenje Chopita ku Malire

Tabitha ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna munthu woti asamusiye.

Chaka chimenecho likulu la dziko linasamuka ku Zomba. Linabwera ku Lilongwe. Bambo ake a Tabitha ankagwira ntchito m'boma. Basi nawonso anasamuka. Anapatsidwa nyumba ku Area 15.

Nyumbayo inali yatsopano. Koma kunja kunali fumbi lokhalokha. Fumbi pakhomo. Fumbi pazenera. Fumbi m'tsitsi. Sophia, mnzake wa Tabitha, anatsala ku Zomba. Tabitha anasungulumwa kwambiri.

Kusukulu sankalankhula. Ankangokhala duu kumbuyo.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi atsopano. Dzina lawo linali a Emmie. Anali mzungu wa tsitsi lofiira, wochokera kutsidya kwa nyanja. Anadzipereka kudzathandiza ana. Chichewa chawo chinali chokhotakhota, ndipo ana ankaseka. A Emmie ankaseka nawo.

A Emmie ankakhala pambali pa Tabitha. Ankamugwira dzanja polemba. Tabitha anawakonda kwambiri.

Koma aphunzitsiwa sankakhazikika. Lachisanu likakwana, chikwama kumsana! Ulendo wokaona malo ku Zambia.

"Mubweranso?" Tabitha ankafunsa monong'ona.

"Ndibwera Lolemba," ankatero a Emmie.

Lolemba lina sanabwere. Tabitha anayang'ana pakhomo. Zii.

Lachiwiri anayang'ananso pakhomo. Zii.

Kunyumba anakana kudya. Anakhala pakhonde n'kumalira.

"Nawonso andisiya," anatero.

Lachitatu masana amayi anamutenga kumsika wa ku Old Town. Pafupi ndi msika panaima lole. Oyendetsa ake anali a Bauleni. Ankasimba nkhani mokweza.

"Pamalire pa Mchinji pali mzungu wamkazi," anatero. "Chikwama chake chinapita ndi basi ya ku Zambia. Wangotsala ndi thalauza limene wavala. Masiku atatu ali pompo!"

Masiku amenewo lamulo linali lokhwima. Mkazi wovala thalauza sankaloledwa kulowa m'Malawi. Ndipo pamalirepo panali amuna okhaokha. Nanga mwamuna n'kukhala ndi chitenje?

Tabitha anatchera khutu. Ankaopa anthu achilendo. Komabe anayandikira.

"Bambo," anatero. Mawu sanamveke.

"Bambo!" anateronso. "Mzunguyo ali ndi tsitsi lofiira?"

"Eya, mwana wanga. Lofiira ngati dothi la kuno."

"Amayi, ndi aphunzitsi anga!"

Amayi anali ndi chitenje paphewa. Chinali chokongola. Chinali chopita nacho kutchalitchi.

"Amayi, tiwatumizire chitenjechi," anapempha Tabitha.

Amayi anachisisita. Anayang'ana lole yafumbi ija.

"Nanga chikapanda kubwerera?" anafunsa.

"Nanga iwo akapanda kubwerera?" anatero Tabitha. Misozi inali chuchuchu.

Amayi anachichotsa paphewa. Kenako anachipinda bwinobwino. Anachipereka kwa a Bauleni ndi manja awiri.

"Mukadutsa pamalire, mukawapatse," anatero. "Ife timakhala ku Area 15. Mukafunse kwa amuna anga, a Lemson."

"Ndinyamuka mawa m'mamawa," anatero a Bauleni.

Lachinayi Tabitha anadikira. Kunadutsa njinga. Kunadutsa thalakitala. Kunadutsa galu. Lole sinadutse. Tabitha anayamba kutaya mtima.

Lachisanu anadikiranso. Dzuwa linapendeka. Kenako anamva kulira kwa lole. Lole inaima pakhomo pawo penipeni!

Chitseko chinatseguka. Anatsika a Emmie. Anali otopa. Anali otuwa ndi fumbi. Ndipo chitenje chija, mayo ine! Anachikulunga ngati thumba la chimanga. Dzanja limodzi linali m'chiuno, kuopa kuti chingagwe.

Tabitha anathamanga. Anawakumbatira miyendo.

"Pang'onopang'ono, chigwa!" anakuwa a Emmie.

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. Bambo ake a Tabitha anatembenukira kumbali, koma mapewa awo ankagwedera.

"Lowani, aphunzitsi," anatero amayi. "Ndikuonetseni kamangidwe kake."

M'nyumba amayi anawaphunzitsa. Kuzunguliza. Kukoka. Kulowetsa nsonga m'chiuno. A Emmie anayesa kamodzi, chinagwa. Anayesa kawiri, chinagwa. Kachitatu chinagwira.

A Emmie anagwada pamaso pa Tabitha.

"Pepa, ndinakudikiritsa," anatero. "A Bauleni andiuza zonse. Zikomo kwambiri."

Tabitha anawayang'ana m'maso.

"Lero ndi Lachisanu," anatero. "Mupitanso?"

"Ayi," anatero a Emmie. "Mawa ndibwera kuno, ngati amayi alola."

"Mawa lokha?" anatero amayi. "Ndi lero lomwe. Mudya nafe."

Tabitha anathamangira kuchipinda. Anabwera akukoka mpando. Anauika pafupi ndi wake.