Nsapato za Rosina Zachepa

Rosina anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala mumzinda wa Alexandria ndi amayi ake ndi mng'ono wake, Sylvia. Rosina ankakonda masewera otsetsereka pa ayezi. Loweruka anali ndi mayeso a kudumpha. Ankafunitsitsa kukhoza.

Koma nsapato zake za pa ayezi zinali zitachepa. Zala zinkamupweteka. Rosina sanauze munthu.

Lachinayi amayi anamuona akutsimphina.

"Tavula ndione," anatero amayi.

Chala chachikulu chinali ndi thuza.

"Mwana wanga, bwanji sunanene?"

"Sindikufuna nsapato zina, amayi. Izi ndi zanga."

Amayi anakhala pansi. Ananyamula nsapato imodzi. Inali yokalikakalika.

"Ndikukumbuka," anatero amayi. "Unayamba uli ndi zaka zisanu. Unkangogwira khoma la bwalo la ayezi. Sunkafuna kulisiya."

"Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinaima ndi mwendo umodzi," anatero Rosina.

"Uli ndi zisanu ndi ziwiri, ndinakugulira izi. Unagona nazo pabedi."

Rosina anaseka pang'ono. "Ndinakhoza nazo mayeso oyenda chafutambuyo. Ndinakhoza nazo mayeso ozungulira."

"Zakunyamula zaka ziwiri," anatero amayi. "Tsopano wakula."

Rosina anagwetsa misozi. Kenako anavomera kuvala nsapato zina.

Madzulo omwewo anapita kwa aphunzitsi ake a masewerawo, a Mwamba. A Mwamba anali ndi nsapato za pa ayezi za mwana wawo. Zinali zofewa kale. Zinamukwana bwino Rosina. Lachisanu anayeserera nazo tsiku lonse.

Loweruka linafika. Rosina analowa pa ayezi. Anatsetsereka. Anazungulira. Anadumpha. Potera anapendama, koma sanagwe.

Oyesa analemba papepala. A Mwamba anawerenga, n'kumwetulira.

"Wakhoza, Rosina."

Atafika kunyumba, Rosina anapukuta nsapato zakale zija. Anazipukuta mpaka zinawala. Kenako anaitana Sylvia. Sylvia anali ndi zaka zinayi.

"Bwera uyese," anatero Rosina.

Sylvia analowetsa phazi. Phazi linasowa m'kati. Anayesa kuyenda pakapeti. Nsapato ija inatsala m'mbuyo. Onse anaseka.

"Zakukulira," anatero Rosina.

"Ndikula mawa," anatero Sylvia.

Amayi anawakokera onse awiri pamiyendo pawo.

"Musafulumire, ana anga," anatero. "Lero khalani kaye pompano."