Maimelo a Shamsu Pakhoma

Zuleka anamuona koyamba Loweruka lina, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu m'tauni ya Zomba, momwe achinyamata okonda makompyuta ankakumana. Anafika mochedwa, atangotsika kabaza kuchokera kwawo ku Chinamwali. Mpando wotsala unali umodzi, pafupi ndi mnyamata wamtali wovala juzi yabuluu.

"Achimwene, pali munthu apa?"

Mnyamatayo anatsegula pakamwa, koma mawu anayamba akana kaye. "Pa-pa-palibe. Khalani, achemwali."

Ameneyu anali Shamsu wa ku Sadzi, wachibwibwi chibadwire. Pagulu sankayankhula. Ankangoweramira laputopu yake, zala zikuthamanga ngati za telala wa pakhonde Khirisimasi ikayandikira.

Gululi linkathandiza kukonza pulogalamu yotchedwa Lichero. Ntchito yake inali yopeta maimelo. Ngakhale munthu akhale nawo miyandamiyanda, ankangolemba liwu limodzi, Lichero n'kumutulutsira yomwe akufuna. Pulogalamuyi inali yaulere, yopanda mwini mmodzi. Aliyense, kaya ali ku Zomba kaya kutsidya kwa nyanja, ankatha kuikopera, kuona m'kati mwake, kukonza polakwika n'kutumiza kuti anzake aone. Chilichonse choikidwa m'menemo chinkakhala poyera.

Wotsogolera gulu la ku Zomba anali Kevin wa ku Mtiya, munthu wa mtima wabwino koma pakamwa popanda buleki.

"Inu awiri muziyesa limodzi," anatero akuloza Zuleka ndi Shamsu. "Muzitumizirana maimelo, tione ngati Lichero likuwapeza."

Kevin sanadziwe kuti tsiku limenelo wagwira ntchito ya ankhoswe!

Imelo yoyamba ya Shamsu inali youma gwa: "Kuyesa. Mwalandira?"

"Ndalandira," anayankha Zuleka.

Mawa lake kunabwera ina: "Kuyesanso. Dzulo munaseka Kevin atagwetsa chaja. Kuseka kwanu ndakhala ndikukumvabe mpaka pano. Mwalandira?"

Zuleka anaiwerenga, n'kuiwerenganso. Kodi uyu ndi mnyamata yemwe uja wolephera kunena "palibe"? Anamuyankha kuti, "Ndalandira. Pitirizani kuyesa, achimwene, Lichero likufuna maimelo ambiri."

Ndipo anayesadi! Sanasinthe ngakhale mutu wa imelo. Ankangoyankhana pomwepo, m'mawa, masana, madzulo, ulusi wa maimelowo ukunka nutalika. "Achemwali" anasanduka "Zuu wanga," kenako "kanjiwa kanga." Pakamwa Shamsu anali mmphawi, koma akagwira kiyibodi anali mwini chuma.

Tsiku lina anakwera limodzi phiri la Zomba. Anagula sitiroberi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu n'kukakhala pafupi ndi damu la Mulunguzi. Shamsu anayesa kunena kanthu, mawu n'kukakamira. Anagwetsa nkhope.

"Usavutike, Shamu wanga," anatero Zuleka. "Ukandilembere."

"U-usamaonetse anthu. Zimene ndimalemba zija si-sindinauzepo munthu."

"Ndikulonjeza. Zimene umandilembera ndi zanga ndekha. Palibe diso lina lidzaziona, olo mayi anga amene."

Ankanena zoona tsiku limenelo. Lonjezo la pansi pa mitengo ya paini silivuta kupereka.

Patapita miyezi, Lichero linadwala. Anthu anayamba kudandaula kuti ukayankhana ndi munthu kwa nthawi yaitali pa mutu umodzi, maimelo ena apakati ankasowa. Ufufuze chotani, osawapeza. Akuluakulu a pulogalamuyi, omwe ankakhala maiko akunja, anapeka maimelo abodza kuti vutolo lionekere, koma linkabisala. Ndipo lamulo lawo linali losapsatira: wokonza vuto azibweretsa maimelo achitsanzo osonyeza kuti vutolo linalipo ndipo tsopano latha. Popanda zitsanzo, zokonza zako sizilandiridwa.

Zuleka anali ndi kachilonda kake mumtima. Chilowereni m'gululi ankangokonza tinthu ting'onoting'ono, ndipo Kevin ankamuseka kuti, "Achemwali athu osesa pabwalo!" Ankaseka nawo, koma zinkamuwawa. Ankafuna tsiku limodzi lokha loti dzina lake litchulidwe ndi ulemu.

Masana ena ali pakhonde kwawo, anafuna kuwerenganso imelo yomwe Shamsu anamulembera atatsika kuphiri kuja. Analemba liwu loti "sitiroberi." Lichero linayankha kuti palibe.

Palibe bwanji? Imelo yomwe ankaidziwa pamtima?

Vuto lija, lomwe linazunguza mitu ya akatswiri, linali m'manja mwake!

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zuleka anafatsa nalo masiku angapo mpaka analigwira. Shamsu ankayankha pena pa laputopu, pena pa kafoni kake kakale, ndipo kafoniko kankasokoneza ulusi wolumikiza imelo ndi inzake. Lichero likafika pamenepo linkadumpha. Zuleka anakonza, maimelo onse osowa n'kutulukira.

Kunatsala zitsanzo. Anatenga maimelo a Shamsu, n'kufufuta mawu onse, n'kuikamo mawu opanda pake. Vuto linabisala. Anayesanso mwanjira ina, linabisalanso. Linkaonekera pa maimelo enieniwo basi, momwe analili.

Anaika dzanja patsaya.

"Mayina ndichotsa," anadziuza. "Maadiresi ndichotsa. Komanso anthu akunjawo Chichewa achidziwira kuti?"

Taonani nzeru za munthu amene mtima wake wagamula kale! Anaganiza za anthu a kutsidya kwa nyanja, n'kuiwala anthu a pamwamba pa sitolo ya nsalu. Anatumiza.

Mayankho anabwera ngati mvula. Akuluakulu aja analandira zokonza zake, namuthokoza pagulu, dzina lake lonse litalembedwa. Zuleka anavina yekha m'chipinda.

Kenako foni inalira. Unali uthenga wa Shamsu, yemwe sabata imeneyo anali ku Domasi kukalumikiza makompyuta.

"Kanjiwa kanga, ndakunyadira! Netiweki kuno ikuvuta, ndangoona zokonza zako zokha, koma wazilemba bwino zedi. Nanga zitsanzo wazitenga kuti? Paja zopeka zimakana."

Kuvina kunathera pomwepo. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Ndapeka ndekha, wokondedwa. Ndinangolimbikira."

"Ndiwe dolo, Zuu wanga. Mkazi wanzeru chonchi ndinamupeza bwanji ine?"

Zuleka anaika foni chafufumimba pabedi.

Sabata yonse chakudya sichinkatsika. Akanatha kupempha kuti zitsanzozo zichotsedwe, koma m'gulu lotere palibe chochotsedwa mwakachetechete. Ankayenera kulembera onse, poyera, kunena chifukwa. Ndiye anene kuti chiyani? Kuti iye, yemwe angomuombera m'manja, wayanika chikondi cha mnzake padzuwa? Akanatha kumuimbira Shamsu. Ankagwira foni, n'kuisiya. "Ndimuuza akabwera," ankadzinyenga. Paja akuti manyazi anapha lambe.

Loweruka kachipinda kaja kanadzaza. Shamsu anafika molunjika kuchokera ku depoti, chikwama kumsana, n'kukhala pafupi naye akumwetulira.

"Shamu, tituluke pang'ono. Ndikufuna tikambirane," ananong'oneza Zuleka.

"Di-dikira kaye. Lero ndi tsiku lako."

Kevin anali atayatsa kale pulojekita. "Amwene, tamverani! Osesa pabwalo aja lero atigwetsera njovu! Tiyeni tione mayeso a achemwali athu akuyenda, atsopanonu muphunzire."

"Kevin, ayi, zisiye!" anakuwa Zuleka.

"Eee, kudzichepetsa kwanjinso?"

Anadina batani. Mizere inathamanga pakhoma, kenako Lichero linachita ntchito yake mokhulupirika. Linatulutsa imelo imodzi mwa omwe kale ankasowa, m'zilembo zikuluzikulu, pakhoma loyera.

Kevin anayamba kuwerenga mokweza, dzanja pamtima ngati wa sewero.

"Kanjiwa kanga, pakamwa panga mawu amakakamira ngati kabaza pa chitunda cha kwathu ku Sadzi. Ndili mwana ndinkapemphera kuti aphunzitsi asanditchule dzina. Koma ndikamakulembera iwe, ndimayankhula ngati munthu wina aliyense. Chonde usadzatope nane."

Chipinda chinaphulika ndi kuseka.

"Achemwali, mumapeka bwino!" anatero Kevin akupukuta misozi. "Wachibwibwi wa ku Sadzi, eti? Koma ku Sadziko achibwibwi odziwa maimelo alipo anga..."

Sanamalize. Mitu yonse inali itatembenukira kwa Shamsu. Wina kumbuyo, wopanda chisoni, anaimba likhweru. "Kanjiwaaa!"

Zuleka analakalaka pansi patang'ambika. Sanathe kudzutsa maso. Anangomva laputopu ya Shamsu ikutsekedwa pang'onopang'ono pambali pake, mpando ukusunthidwa, mapazi akutsika masitepe.

"Sole, sisi," anatero Kevin ndi mawu otsika, akuzimitsa pulojekita. "Ine ndimayesa ndi zopekadi."

Masana omwewo Zuleka anachita chomwe anachithawa sabata yonse. Analembera gulu lonse la Lichero, la kuno ndi la kunja: "Maimelo achitsanzo aja si opeka. Ndi a munthu weniweni, ndipo sindinamupemphe. Ndinalakwa. Chonde achotseni." Misozi inkagwera pa kiyibodi.

Akuluakulu aja anayankha mwaulemu. Anawachotsa, ndipo wina anadzipereka kupanga zitsanzo zina. Koma anamuuzanso zoona: onse amene anakopera pulogalamuyi sabata imeneyo anali nawo maimelowo m'makompyuta mwawo, ndipo panalibe njira yowalanda. Madzi akatayika sawoleka.

Kwa Shamsu anatumiza uthenga pa uthenga.

"Shamu wanga, ndikhululukire."

"Ndawachotsa. Ndavomera pamaso pa onse."

"Ndiyankhe, olo unditukwane. Kukhala chete kwakoku kukundipha!"

Foni inangoti zii.

Patapita masiku, analimba mtima n'kukwera kabaza kupita ku Sadzi. Mayi ake a Shamsu anamulandira bwino, osadziwa kanthu, ndipo ulemu wawowo unamuwotcha koposa chipongwe. Anamuuza kuti mwana wawo wakwera cha kuphiri.

Anamupeza atakhala pamwala m'mbali mwa msewu wokwera phiri, tauni yonse ikuoneka m'munsi. Zuleka anaima patali pang'ono, manja atawapinda kutsogolo ngati mwana wa sukulu wopalamula.

"Shamu."

Shamsu anatembenuka. Maso ake sanali aukali. Bola akanakhala aukali!

"Ndabwera kudzapepesa. Ndinkafuna anthu andione kuti nanenso ndimatha. Ndinaganiza kuti ndikachotsa mayina, basi. Ndakuchititsa manyazi pamaso pa anzako. Anakuseka chifukwa cha ine."

Shamsu anayamba kuyankhula, mawu akukakamira, iye akuwakankha limodzilimodzi. Aka kanali koyamba kuti Zuleka amumve akunena zambiri chonchi ndi pakamwa.

"Ku-kuseka andiseka kuyambira sitandade wani. Ndinazolowera. U-ukanandipempha, mwina ndikanakana. Mwina ndikanalola, poti ndi iweyo. Koma ndi-ndinakufunsa, Zuleka. Ndinakufunsa kuti wazitenga kuti."

"Ndinachita mantha."

"Ine n'kukuyamikira. N'kukhala pa-pambali pako ndikumwetulira ngati chitsiru."

Zuleka anagwada pamiyala pomwepo, osasamala za galimoto zodutsa. "Ndikulonjeza, Shamu wanga, sindidza..."

"U-usalonjeze. Chonde."

Mawuwo anamulasa kuposa mbama. Anangolira, mapewa akugwedezeka.

Shamsu anadzuka, n'kumugwira mkono kuti aimirire. Anamusansa fumbi pa chitenje mofatsa, monga ankachitira kale, ndipo kwa kamphindi Zuleka anaganiza kuti zatha.

"Ndakukhululukira," anatero Shamsu. "Zi-zimenezo usakayike."

"Ndiye udzandilemberanso? Olo mzere umodzi, Shamu. Olo moni chabe."

Shamsu anayang'ana manja ake nthawi yaitali.

"Dzulo ndinayesa. Ndinatsegula laputopu, ndinalemba dzina lako." Anameza malovu. "Kenako za-zala zinachita chibwibwi."

Anamusiya mkono, n'kuyamba kutsika yekha kulowera ku Sadzi. Zuleka anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma dzina lija linakana kutuluka.