Phukusi la Abiti Saidi

"Iwe Dailes, yenda kumbuyo! Ntchentche zakozo zikutera pa ife!"

Anali Molly ameneyo, atatsina mphuno ndi zala ziwiri, ndipo atsikana onse anaphulika kuseka pakati pa msewu. Dailes anangofungatira phukusi lake n'kulumanitsa mano. Mtima unali ukumutentha kuposa phula limene ankapondalo.

Munali mu Okutobala, chaka cha 1955. Kwaya ya sukulu ya mishoni ya kufupi ndi Lifuwu inali itaitanidwa ku Salisbury, mzinda umene kwathu aliyense ankangoutchula kuti Halale. Bungwe la anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito kumeneko ndilo linawalipirira sitima, kuti anawo akaimbe nyimbo za kwawo mu holo Loweruka masana. Mmawa wa tsikulo aphunzitsi a Enock ndi akazi awo, mayi Fanny, anawatenga onse khumi ndi asanu ndi mmodzi kukaona tauni. Mmawa umodzi wokha basi, pambuyo pa masiku atatu akugwedezeka mu sitima! Ndiye mmawa umenewo wina auwonongere ndi nsomba?

Nsombazo sizinali zake n'komwe. Tsiku lonyamuka, akukwera lole yopita ku siteshoni ya Salima, kunatulukira Abiti Saidi, mayi wachikulire woyandikana nawo nyumba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Omari, anapita ku Halale zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo makalata ake analeka kufika kalekale. Mayiwo anamugwira Dailes dzanja n'kumusenzetsa phukusi lokulunga m'masamba a nthochi ndi chiguduli.

"Ukampatse Omari wanga, mwanangu. Ndi chambo, ndawamba ndekha. Ukamuuze kuti maso anga akuchita chifunga, abwere ndimuone asanatsekeretu."

"Nanga amakhala pati, amayi?"

"Ku Halale komweko. Ukangofika, ukafunse. Ndi wamtali, amayenda mowerama pang'ono. Akakulozera."

"Musade nkhawa, ndikawapatsa m'manja," anatero Dailes mosaganizira kawiri. Iye ankayesa Halale ali ngati boma la Salima, pamene ukaima pa sitolo ya mmwenye n'kutchula dzina la munthu, wina amakuuza ndi ndiwo imene munthuyo wadyera dzulo.

Koma ayi ndithu. Nyumba za kuno zinali zosanjikizana mpaka khosi kuwawa poziyang'ana. Magalimoto ankaima okha nyali ikafiira, n'kunyamukanso ikabiriwira, popanda wowakuwira. Mitengo ya jakaranda inali itathira maluwa misewu yonse. Anzake ankaloza uku ndi uku, kukamwa kuli yasa, pamene Dailes anali pantchito yopirikitsa ntchentche. Chambo chowamba chikagona masiku atatu m'chiguduli mwezi wotentha chimalankhula chokha, ndipo ichi chinkachita kufuula.

Poyamba anayesetsa, tisamunamizire. Anagwadira bambo wina wosesa mumsewu n'kufunsa mwaulemu ngati akuwadziwa a Omari a ku Lifuwu. Bamboyo anamuyankha m'Chishona mawu ambirimbiri, Dailes osatolapo n'limodzi lomwe. Wachiwiri, mnyamata wa panjinga, anangomulambalala. Wachitatu anali wa kwathu, mlonda wa pa khomo la banki, ndipo anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Omari? Mwana iwe, a Omari mu Halale muno achuluka ngati usipa. Wa ku Fort Johnston, wa ku Kota Kota, wa ku Chiradzulu, ukufuna uti? Nambala ya nyumba uli nayo?"

"Akuti ndi wamtali," anatero Dailes ndi mawu otsika.

"Wamtali! Amayi ine, ndafa!"

Manyazi anamugwira Dailes mpaka kumapazi. Anathamangira kutsogolo kwa mzere. "Aphunzitsi, zandikwana ine. Munthuyu sakupezeka, ndipo anzanga akundiseka."

A Enock anali otanganidwa kuwerenga mitu ya ana asanawoloke msewu. "Khumi ndi atatu, khumi ndi anayi... Pirira, Dailes, tikaona ku holo. Iwe Molly, choka m'mphepete mwa msewu, ufuna kufera kwa eni?"

Tikaona ku holo! Mawu a akuluakulu akafuna kuti uwachoke. Dailes anabwerera kumbuyo akung'ung'udza.

Anafika pa sitolo yaikulu ya magalasi okhaokha. M'kati munaima zidole zazitali ngati anthu, zitavala madiresi oti ku Lifuwu ngakhale mkwatibwi sanawalotepo. Kulowa sakanaloledwa, zimenezo ankazidziwa, koma kuyang'ana pagalasi kunali kwaulere. Dailes atangosendera kuti aone bwino diresi lachikasu la mabatani kumsana, dona wina wotuluka m'sitolomo anakwinya nkhope n'kudzikupiza ndi chipewa. Nthawi yomweyo mnyamata wa yunifomu anatuluka n'kuwaingitsa onse ndi manja ngati nkhuku pa mphale.

"Waona? Watipirikitsitsa!" anakalipa Molly. "Ife tabwera kudzaimba, iwe wabwera kudzagulitsa nsomba."

"Ndi zanga kodi? Unakakhala iwe ukanakana pamaso pa munthu wamkulu?"

"Ine ndikanafunsa nambala ya nyumba, sindine wopusa."

Pa paki pamene madzi ankatumphuka okha kuchokera pansi, galu wa mzungu anamulondola Dailes mpaka mwini wake anachita kumukoka ndi chingwe. Pojambulitsa chithunzi, palibe anafuna kuima naye pafupi, moti anaima yekha kumapeto ngati mlendo wongodutsa. Apa n'kuti misozi ili m'mphepete mwa maso. Ankawakwiyira Abiti Saidi, ankamukwiyira Omari wosalemba makalatayo, ankachikwiyira ngakhale chambo chenichenicho chifukwa chololera kukodwa mu ukonde.

Chotsala chinali chimodzi, chimene ana onse ankachiyembekezera kuyambira kumudzi: kukwera kaphiri ka m'mphepete mwa tauni, pamene amati munthu umaona Halale yense nthawi imodzi. Basi itafika, a Enock ndi mayi Fanny analowa patsogolo kukakonza malo. Dailes anali womaliza. Kondakitala ananunkhiza kamodzi n'kutchinga khomo ndi mkono. Chinenero chake sanachimve, koma chala chinali kuloza phukusi, kenako panja.

"Fulumira iwe, tikuchedwa!" anakuwa Molly pawindo.

Injini inali ikulira. Pambali pa mtengo panali mgolo wa zinyalala. Dailes anayang'ana basi, anayang'ana phukusi, ndipo mkwiyo wa tsiku lonse unamukwera kumutu. "Asa! Ndatopa nazo ine," anatero, n'kuliponya mumgolomo. Linagwa kuti phu, ndipo iye analumphira m'basi manja ali pululu.

Pamwamba pa kaphiriko kunali kokongola zedi, bodza n'loipa. Madenga ofiira ndi oyera anayala mpaka kumene maso amalekezera, sitima zikuoneka ngati mbozi. Dailes anadziuza kuti: taonani kukula kwake, ndani angapeze munthu mmodzi m'menemu? Mayi Fanny anawagulira ayisikilimu kwa munthu wa kangolo, ndipo Dailes ananyambita wake ndi manja onse awiri ali omasuka. Anali wozuna, wozizira mpaka mano kuwawa. Koma maganizo ake anali pa mgolo uja.

Nthawi ya 3 koloko holo ya ku lokeshoni inali itadzaza thothotho. Ambiri anali abambo, atavala majekete ochapa bwino, zipewa zili pamaondo. Nyimbo za tchalitchi anaziombera m'manja mwaulemu. Koma pamene Dailes anatsogolera nyimbo ya opalasa bwato, ija amaimba asodzi pobwerera kuchokera ku chilumba cha Mbenji, m'holomo munangoti zii. Kenako mawu okhuthala anayamba kuvomera kuchokera kumbuyo, mmodzi, awiri, mpaka holo yonse. Bambo wina wa pamzere woyamba ankaimba misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta n'komwe.

Atamaliza, a Enock anakwera pansanja ndi thumba lachikopa. "Abale anga, musabalalike. Tabwera ndi makalata ochokera kumudzi. Ndikatchula dzina, mwini wake aimirire, kapena amene akumudziwa. Ana inu, amene mwatumidwa kanthu, bwerani nako kuno."

Dailes anayang'ana manja ake opanda kanthu. Kani ndi zimene ankatanthauza aphunzitsi! Mayina anayamba kutchulidwa, ndipo pafupifupi lililonse linkapeza mwini. Likasowa mwini, wina ankakuwa kuti, "Ameneyo ndimagwira naye ntchito, patseni ine!" Halale wamkulu uja anali atachepa n'kukwana m'chipinda chimodzi.

Bambo wina wovala malaya oyera a ophika buledi anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kufika pamene panaima atsikana. Ankapotokola chipewa m'manja.

"Pepani ana inu, wa ku Lifuwu kwenikweni ndani pano? Ine ndine Omari, mwana wa Abiti Saidi."

"Ndi uyu!" anatero Molly mokondwa, akumukankhira Dailes kutsogolo. "Ali ndi phukusi lanu. Watinunkhitsa nalo ulendo wonse!"

Omari anagwira pamtima. "Ndiye kuti mayi ali moyo? Alhamdulillah! Ine ndimaopa kufunsa. Ntchito inandithera zaka zitatu, ndinalibe choti n'kuwatumizira, ndiye manyazi anandimanga manja. Ali bwanji? Akuyenda okha?"

"Akuyenda, achimwene. Koma akuti maso akuchita chifunga. Akuti mubwere akuoneni asanatsekeretu."

Omari anagwedeza mutu kangapo. Kenako anapanira chipewa m'khwapa n'kutambasula manja onse awiri, monga muja munthu amalandirira mphatso kwa wamkulu, ngakhale amene anaima patsogolo pake anali mwana. Manjawo anakhala m'malere. Dailes akanatha kunena kuti phukusi linabedwa mu sitima, koma anzake onse analiona mmawa womwewo. Akanatha kunamizira kondakitala kuti analanda. Bodzalo linafika pamlomo, koma linakanika kutuluka.

"Ndataya," ananong'ona.

"Wati bwanji?"

"Chinali chambo, anawamba okha. Chimanunkha, anzanga amandiseka, ndipo m'basi anandikaniza. Ndimafuna kukaona tauni pamwamba pa phiri. Ndataya mumgolo wa zinyalala."

Molly anatseka pakamwa ndi dzanja. A Enock, amene anali atasendera pafupi, anavula magalasi awo n'kuyang'ana pansi. Omari sanakalipe, ndipo Dailes akanakonda akanakalipa. Anangobweza manja ake pang'onopang'ono n'kuwapisa m'matumba.

"Mgolo wake uli pati?" anafunsa.

"Amakhuthula masana, bambo," anayankha mnyamata wina wa m'tauni momwemo. "Pano mulibe kanthu."

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero Omari, osayang'ana aliyense. "Anawamba ndi maso osaonawo." Anavala chipewa chake n'kutuluka.

Mmawa wa Lamulungu, ana akukwera sitima, Dailes anamva wina akumuitana dzina. Anali Omari, atanyamula bulangeti latsopano lomanga ndi chingwe. Dailes anafuna kubisala kumbuyo kwa mayi Fanny, koma mayiwo anamukankhira kutsogolo.

"Pa ana onsewa, amene akudziwa khomo la mayi anga ndi iwe," anatero Omari. "Ili silinunkha. Ukafikitse. Ukawauze kuti ndibwera mvula isanathe, Insha Allah."

Masiku atatu a mu sitima bulangetilo silinachoke pamiyendo pa Dailes. Kutentha kwa kuchigwa cha m'dziko la Apwitikizi kunamutulutsa thukuta mpaka diresi kumata, koma Molly atamuuza kuti aliike pamwamba pa katundu, iye anangopukusa mutu. Molly sanasekenso.

Atafika ku Lifuwu, Dailes anawapeza Abiti Saidi pakhonde akusankha mpunga ndi zala, nkhope ataiyandikiza pa lichero. Dailes anagwada n'kuwaika bulangeti m'manja, ndipo anafotokoza uthenga wonse mawu ndi mawu. Mayiwo analisisita, analinunkhiza, anaseka, analira, anaitana anansi kuti adzaone. Kenako anamugwira Dailes pamkono.

"Nanga chambo chija, mwanangu? Anati bwanji atalawa? Mchere sunachuluke? Pajatu iye sakonda mchere wambiri."

Anansi onse anatembenukira kwa Dailes. Panalibe wina wa ku Halale pamenepo woti n'kumutsutsa. Dailes anaweramitsa mutu mpaka misozi inadonthera pa mchenga.

"Sanalawe, amayi. Ndinataya ine, chifukwa cha manyazi ndi kufuna kuona tauni. Ndikhululukireni."

Abiti Saidi anamusiya mkono uja. Anatembenuzira maso awo achifungawo kunjira yochokera ku Salima.

"Ndinasankha zazikulu zokhazokha," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti mwana wanga sanadye cha m'manja mwanga."

Anapinda bulangeti lija bwinobwino n'kulowa nalo m'nyumba. Dailes anatsala chigwadire pakhonde, ndipo panalibe amene anamuuza kuti adzuke.