Maenje Pansi pa Kalavani ya Oswald

Chinthu choyamba chimene Tasha anaona chinali sipuni. Sipuni yaikulu yopakulira, imene anaitsuka yekha madzulo n'kuikoleka pamwamba pa sinki, m'mawa mwake inali pamalo pake ndithu, koma kuseri kwake kunali dothi lonyowa ndi kaudzu kamodzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaitsukanso osauza munthu.

Kalavani imene anagonamoyo, kanyumba ka mawilo kokokedwa ndi galimoto, inali ya mu 1974, yachikasu ngati nthochi yopsetsa. Mwamuna wake, Oswald Sakala, mwana wa ku Lusaka woyendetsa mabasi mu London, anaigula kwa mayi wina wamasiye ku Dagenham n'kutha chaka chathunthu akuimata, kuipenta ndi kuithira mafuta, mpaka chitseko chake chinkatseguka mwakachetechete ngati cha firiji. Anzake a kutchalitchi ankaitcha khola la nkhuku, koma iye ankaikonda moti akamaipukuta ankailankhula. Tasha sankaikhulupirira ngakhale pang'ono. Iye anabadwira ku Lewisham, kwa makolo a ku Malawi amene anathawa kwawo kalekale pa nkhani za ndale, ndipo kwa iye tchuthi chinali hotela yokhala ndi bafa. Mwana wawo Mada atakwanitsa miyezi isanu, Tasha anaika lamulo: maulendo atatu oyesera, ndipo akangoona chilichonse choika mwanayo pachiswe, kalavani igulitsidwe.

Oswald, poopa kuti nkhalamba yake ya kalavaniyo ingamuchititse manyazi pa msewu waukulu, sanafune kupita kutali. Ulendo woyamba anachoka ku Barking, kumene ankakhala pa nyumba yosanja yachisanu ndi chinayi, n'kukaima pa malo ogonapo makalavani m'mbali mwa mtsinje ku Edmonton, mtunda wa mphindi makumi anayi. Ukaima pakhomo unkaona magetsi a chipatala ndi mabasi amene iye mwini ankayendetsa mkati mwa sabata. Komabe munthuyo anatsika m'galimoto akudziwongola msana ngati wafika ku Chipata.

Anali nawonso mayi ake a Oswald, a Bessie, amene anachokera ku Katete kudzathandiza pa uchembere ndipo viza yawo inali pafupi kutha. Iwo ankagona pa benchi ya pafupi ndi chitseko, kuseri kwa katani, ndipo ankaliza mkonono wogwedeza makapu. Masana zinthu zinkakoma kwambiri. Mada ankasambira m'beseni pa udzu, akumenya madzi ndi kuseka abakha, Oswald ankawotcha soseji atavala chipewa chaudzu, ndipo Tasha ankadzipeza akuseka asanakumbukire kuti sakuyenera kusangalala.

Lamlungu, Oswald akukweza miyendo ya kalavani kuti azinyamuka, anaona kuti pansi pake, molunjika pamene pankagona mwana, udzu unali utadulidwa kamalo kofanana ndi mbale. Dothi linali lofewa, lokumbidwa kumene n'kukwiriridwanso.

"Ni fox chabe," anatero mofulumira, akupondapo ndi nsapato. "London yonse ni nkhandwe zekazeka."

Tasha anangoti, "Okay," koma anakumbukira sipuni ija.

Ulendo wachiwiri anapita ku Abbey Wood, pa malo ena otsamira nkhalango. Usiku wa Lachisanu Tasha anadzuka kuti ayamwitse. M'kalavani munali mdima wandiweyani, kupatula kamzere ka kuwala kolowera pamene katani ya pawindo sinkakumana bwino. Kutali sitima yomaliza inadutsa, phokoso lake n'kuzimirira pang'onopang'ono, ndipo litatha anamva china, chapafupi, chapansi penipeni pa bedi. Kwe, kwe, kwe. Chinkaleka ngati chikumvetsera, kenaka n'kuyambanso modekha, mosathamanga, ngati cha munthu wodziwa chimene akuchita. Pambuyo pake panamveka kupuma, kupuma kwautali kotopa, ndi timawu tong'ung'udza tosamveka bwino.

"Oz," ananong'oneza, akumugwedeza paphewa. "Oz, kuli munthu pansi. Someone's under us."

Oswald anadzuka, n'kumvetsera maso ali gwa kudenga. Phokoso linali litasiya. Mwamunayo, amene masana ankanena kuti akhoza kukoka kalavani mpaka ku Scotland, anakoka bulangete mpaka m'khosi.

"Ni mphepo," ananong'oneza. "Gona, tizaona mailo."

Mawa lakelo anapeza kamalo kena kokumbidwa, pansi pa mbali ya mwana pomwepo. Oswald anaitana woyang'anira malowo, mzungu wachikulire dzina lake Thom, kuti atsimikizire mkazi wake kuti ndi nkhandwe. Thom anagwada, n'kuyang'ana, n'kukanda m'mutu. Ananena m'Chingerezi kuti nkhandwe zimakumba tsiku lililonse, koma pa zaka makumi awiri za ntchito yake sanaonepo nkhandwe yokwirira dzenje n'kusalaza pamwamba. Atatero analoza. Pa dothipo panali chidindo cha dzanja la munthu, zala zisanu zooneka bwinobwino.

Tasha anachita mantha enieni. Anam'kumbatira Mada mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula. A Bessie anayang'ana chidindocho, anapukusa mutu n'kunena kuti dziko lino lili ndi zodabwitsa, kenaka anapita kukaika madzi a tiyi.

Nkhani inafika ku gulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi dzuwa lisanalowe, ndipo kumeneko inanenepa. Ena anati mwini wake woyamba wa kalavaniyo anafera momwemo ndipo akufunafuna makiyi ake. Ena anati ndi munthu wanjiru wa kumudzi, poti masiku ano zoterezi sizifuna viza. Mayi wina anatumiza vesi, wina nambala ya m'busa wa ku Woolwich, wina anangofunsa ngati kalavaniyo ikagulitsidwe ndi makatani ake omwe. Lamlungu m'bandakucha phokoso linabweranso, ndipo atafika kunyumba Tasha anajambula kalavaniyo mbali zonse n'kulemba chilengezo choigulitsa. Oswald anamuchonderera pafupifupi chogwada kuti pangano linali la maulendo atatu, ndipo kuti ulendo uno akhala maso usiku wonse ndi tochi m'manja.

Ulendo wachitatu unali wa ku Crystal Palace, pa chitunda, pansi pa nsanja yaitali ya wailesi imene nyali zake zofiira zimaoneka usiku wonse. Oswald anakhala tsonga pa bedi, tochi kudzanja lamanja, chitsulo chokwezera miyendo ya kalavani kumanzere. Nthawi isanakwane n'komwe leveni koloko, mlonda wathuyo anali atagona kukamwa kuli yasa.

Tasha ndiye sanagone. Anamva mvula yowaza ikugogoda padenga n'kuleka, anamva Mada akuyamwa chala mu tulo, anamva galu akuuwa kutsidya kwa paki. Ndiyeno chija chinayamba. Kwe, kwe, kwe. Pakati pa mantha akewo anazindikira kuti pali china chimene chikusowa. Makapu sankagwedezeka. Mkonono wa apongozi ake sunkamveka, ndipo atakumbukira bwino, sunamvekenso usiku uja wa ku Abbey Wood.

Anasolola tochi m'manja mwa mwamuna wake, n'kusuntha katani. Benchi inali yopanda munthu. Anatuluka wopanda nsapato, udzu wozizira ukumunyowetsa mapazi, n'kuzungulira kuseri.

Miyendo iwiri yovala masokosi a ubweya inali itatulukira pansi pa kalavani.

"Amama?"

Miyendoyo inauma. Kenaka a Bessie anatuluka chafutambuyo pang'onopang'ono, jekete la Oswald pamwamba pa chitenje, sipuni yopakulira m'manja. Anakhala pansi pa udzu wonyowawo, osayang'ana tochi.

"Zimitsani moto uwo, amake Mada. Mudzutsa azungu."

"Amama, mukupanga chani? Nearly three weeks ine sindikugona."

Mayiwo anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo. Munali kansalu koyera, ndipo m'kansalumo munali kanthu kakang'ono kouma, kakuda, kopiringizika ngati kachitsa ka nthochi.

"Mchombo wa mwana," anatero. "Unagwa tsiku lachisanu ndi chitatu, inu muli m'bafa. Munafuna pa mphasa yosinthira matewera, munati wapita ndi zinyalala. Ndinatola ndine."

Oswald anali atatulukira tsopano, chitsulo chake m'mwamba, ndipo ataona mayi ake anachitsitsa mwamanyazi.

A Bessie anafotokoza motsitsa mawu. Kwawo mchombo wa mwana sutayidwa, umakwiriridwa pakhomo, kuti mwanayo akhale ndi kwawo ndipo mtima wake uzidziwa kobwerera. Wa Oswald uli ku Katete, kuseri kwa nyumba ya agogo ake. Koma ku Barking akanakumba pati, anthu akukhala m'mwamba ngati mbalame, dothi lake la mu kam'phika ka maluwa? Miyezi isanu anayenda nawo m'chitenje. Atamva za maulendowa anasangalala kuti tsopano aona nthaka.

"Nanga n'chifukwa chani munakumba malo atatu?" anafunsa Oswald. "Simunasilize pa first?"

"Iwe, ndikakwirira Lachisanu, tulo osabwera. Ndimati Lamlungu nyumbayi inyamuka, mdzukulu wanga atsala yekha pakati pa agalu a eni ake. Ndiye ndimafukula. Tikafika pena ndimati mwina pano, n'kukwiriranso. Nyumba yako ili ndi mawilo, mwana wanga, ine yandizunguza mutu." Anatembenukira kwa Tasha. "Inu ndinakuopani. Munandiletsa kale kamkanda ka m'chiuno, ndimati ichi muti n'chauve. Ndege yanga ndi Lachinayi, ndipo sindidziwa kuti nditani nawo."

Tasha anafuna kukwiya, ndipo anali ndi chifukwa, koma chimene chinatuluka chinali chiseko, chiseko chogwetsa misozi, mpaka anakhala pansi pafupi ndi apongozi ake. Chitatha anamva chisoni. Mayi wokalamba ameneyu anakwawa m'matope a dziko lachilendo usiku usanu, yekhayekha, chifukwa choopa mpongozi wake.

Kutacha, akumwa tiyi pakhomo pa kalavani, Tasha anaimbira mayi ake, a Effie, ku Lewisham, kuti awaseketse ndi nkhaniyi. Anaika foni pa sipika. Koma a Effie sanaseke.

"Mum? Muli pompo?"

"Ndilipo. Wako uli m'chitini cha tiyi, pamwamba pa wadirobu."

"Wanga chani?"

"Mchombo wako. Ine ndi adadi ako tinkati tikakwirira ku Ntcheu zinthu zikasintha. Zinthu zinasintha, ife sitinapite. Kenaka adadi ako anatisiya, ndipo ine ndinalibe mtima woukwirira kuno ndekha, ngati ndavomera kuti sitidzabwereranso."

Tasha anaphimba pakamwa ndi dzanja. Zaka makumi atatu ndi zitatu wakhala akulowa m'chipinda chimenecho, osadziwa.

A Bessie anasendera pafupi ndi foni. "Asebele, kumbuyo kwa nyumba yanu kuli dothi?"

"Lilipo, asebele. Ndimalimako nkhwani ndi nyemba. Nyumbayi ndi yathuyathu, sipita kulikonse."

"Khasu muli nalo? Ine sipuni yanditopetsa."

Oswald anali ataima chapatali, akupukuta windo limene linali loyera kale, kudikira chigamulo cha nkhalamba yake ya kalavani. Tasha anatsegula foni, n'kufufuta chilengezo chija iye akuona.

"Mangirira kalavani, Oz. Tikupita kwa Mum, ndipo tikagona momwemo pa drive pakhomopo, nyumba ija ilibe malo a anthu asanu."

"Uyu ni ulendo wa number four," anatero Oswald mosamala.

"Ndikudziwa kuwerenga."

Masana a tsiku limenelo, kuseri kwa nyumba ya ku Lewisham, pakati pa mizere ya nyemba, amayi awiri okalamba anakumba dzenje limodzi mosinthana khasu, akukangana za kuya kwake. Anaikamo tinsalu tiwiri, kena koyera, kena kachikasu ndi ukalamba. Tasha anagwada, Mada ali kumsana, n'kukwirira yekha ndi manja.