Bwato la Agogo M'chipinda Chotseka

Okhudzidwa pa nkhaniyi anali Bambo aphunzitsi opuma ntchito, achemwali awo anamwino, ndi azakhali awo, mayi wokalamba amene ankasunga nyumba ya agogo m'katauni ka m'mbali mwa nyanja. Aphunzitsi ndi anamwino anakulira kutali, ndipo anabwera kudzaona kumene makolo awo anachokera.

Anafika azakhali akuanula zovala. Anthu a mumsewu sanayankhe moni wawo. Wa golosale anawanong'oneza kuti chaka chimenecho asodzi angapo anamira nyanja ili bata, nkhafi zawo osapezeka.

"Mwafikira nyumba iti?" anafunsa.

"Ya agogo athu."

Munthuyo anayamba kupukuta shelefu, osawayang'ananso.

M'nyumbamo munali chipinda chotseka. Pansi pa chitseko pankatuluka fungo la ndere ndi nsomba zowola, ndipo mkati munkamveka madzi akudontha, chonsecho denga linali louma.

"Muli bwato la agogo anu, lili chafufumimba," anatero azakhali. "Musalikhudze, ana anga."

Aphunzitsi anali munthu wadongosolo, wodana ndi uve, ndipo pa ichi sindiwadzudzula. Cholakwa chawo chinali kusamvera mkulu. M'mawa mwake, azakhali atapita kumsika, anathyola loko natenga tsache.

"Achimwene, si kalasi yanu ino," anatero anamwino. "Tiyeni tizipita kwathu."

"Ndingosesamo basi."

Bwatolo linali lonyowa ngati langovuulidwa kumene. Aphunzitsi atalitembenuza anapeza nkhafi zitayalidwa bwinobwino. Anamwino anathamanga kukaitana mmisiri wosema nkhafi, amene ankadula chizindikiro cha mwini pa chogwirira chilichonse. Mmisiriyo anazigwira imodziimodzi, natchula omira aja onse.

Azakhali atabwera sanakane kanthu.

"Bwatoli limayenda lokha, ndipo limafuna wopalasa," anatero. "Ine ndinkalisankhira akunja kuti lisatenge a m'banja. Amene walitembenuza ndiye mwini wake tsopano. Ine ndapuma."

Tsiku lomwelo akuluakulu a mpingo ndi asodzi anakhala pansi. Anagamula kuti azakhali achoke m'tauni, bwato litenthedwe, ndipo mwini watsopanoyo asachoke pakhomopo kufikira bwatolo litasanduka phulusa.

Asodzi anavomera. Azakhali anavomera msangamsanga, katundu ali pamutu kale. Anamwino anakana, nakwera basi okha akulira, pakuti aliyense ankadziwa kuti bwato limenelo siliuma, choncho silingapse. Aphunzitsi nawonso ankadziwa. Anavula chipewa pamaso pa akuluakulu, navomera.