Bulangete Lopindidwa Ngati Nyuzipepala

Lachinayi lililonse dzuwa likapendeka, alembi a kanyuzipepala ka m'mudzimo ankasonkhana m'chipinda cha kuseri kwa sitolo kudzapinda mapepala. Makina awo anali okalamba, odziwa kusindikiza kokha. Kupinda inali ntchito ya manja. Pa tebulo lalitali pankakhala Mkonzi, kenako Wanthabwala, ndiye anthu awiri a bere limodzi: Mlangizi, wolemba za ulimi, ndi mlongo wake wamasiye, amene onse ankamutcha Mayi Mapemphero. Gawo la mayiyu linali laling'ono koma lokondedwa, pakuti ankalembamo mayina a odwala kuti owerenga awakumbukire pamaso pa Mulungu.

Mlangizi ankapinda osayang'ana, pakamwa pali nkhani, manja akuyenda okha. Ankasalaza pepala ndi msana wa supuni, khwee, khwee, ndipo pomaliza ankalowetsa ngodya imodzi m'kati, chizolowezi chimene anachitenga poopa mphepo akamagawa nyuzi pa njinga.

"Inutu mudzapinda ngakhale nsalu ya pabokosi lanu," ankamuseka Wanthabwala.

"Ndidzayamba ndi yanu, akulu," ankayankha Mlangizi, onse n'kufa ndi phwete.

Chaka chimenecho maliro anayamba kutsatana. Kalipentala, amene ankangodandaula chifuwa, anapezeka atauma m'mamawa. Anatsatira mkazi wa mphunzitsi, kenako mwana wa telala. Ofedwa onse ankanena zofanana: kuti padenga pankamveka chinthu chikukhwekhwereza pang'onopang'ono, kuti m'chipinda munkanunkha inki ndi palafini, ndi kuti womwalirayo ankapezeka ali pamtunda, bulangete lake lili kumiyendo, lopindidwa bwinobwino ngati nyuzipepala. Ndipo onsewo mayina awo anali atatuluka m'gawo la mapemphero.

Manong'onong'o anayamba pamjigo.

"Mwamva? Dzina likalowa m'gawo la amayi aja, yambani kunola makasu."

"Tsitsani mawu, anzanga, angatilembe!"

Anthu anayamba kubisa odwala awo. Kutchalitchi, benchi limene mayiyo ankakhalapo linasanduka lake yekha. Madzulo ena khamu linafika pakhomo pake, miyala ili m'manja, ndipo amene anaima pachitseko atatambasula mikono anali Mlangizi.

"Wofuna mlongo wanga ayambe wandigenda ine!" anatero, ndipo khamulo linabwerera.

Komatu mayiyo anali ataona kanthu. Pa maliro a mwana wa telala, akuthandiza kukonza m'chipinda, maso ake anagwa pa bulangete lija, naona ngodya imodzi yolowetsedwa m'kati. Anatembenuza nkhope msanga. Mtima wa munthu uli ndi zitseko zimene umatseka wokha, ndipo iye anatseka chimenecho, nadziuza kuti manja opinda chotero ndi ambiri pansi pano. Gawo lake analisiya kulemba, koma kukapinda sanasiye.

Kenako mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, anagwidwa ndi malungo. Mayiyo sanalembe dzina lake paliponse, sanauze abusa, sanauze Mkonzi. Koma katundu wa yekha amalemera, ndipo Lachitatu, atakumana ndi mchimwene wake panjira, anaulula.

"Achimwene, mwana wanu sakudzuka. Sindinauze munthu, inu ndinu malume ake."

"Mwachita bwino, achemwali. Akugona chipinda chiti?"

"Cha kum'mawa chija."

"Limbani mtima. Ndimukumbukira."

Mayiyo anachezera chogwada pambali pa mwana wake mpaka tulo tinamuba. Anadzidzimuka mbandakucha: khwee, khwee, osati padenga koma pafupi ndi khutu lake, ndipo fungo la inki linali litadzaza chipinda. Anafuula dzina la Ambuye, phokosolo n'kuduka. Mtsikanayo anali pamtunda, thupi lili zii, koma akupuma. Kumiyendo kwake kunali bulangete lopindidwa, losalazidwa, ngodya imodzi yokha ili panja. Wopindayo anali asanamalize.

Tsiku lonse sanadye. Anapempha Mulungu kuti amuonetse kuti akulakwa. Dzuwa litapendeka, anasiya mwanayo m'manja mwa mnansi wake, nanyamula bulangetelo mosamala monga analipezera, nawoloka msewu kupita kuseri kwa sitolo. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuona nkhope ya mchimwene wake ikakumana ndi bulangetelo.

Anapeza ntchito ili m'kati. Mlangizi anali atatembenukira kwa Wanthabwala, akumufotokozera za mbuzi imene inadya nyuzi ya sabata yatha n'kudzimbidwa ndi nthabwala zake. Mayiyo anaika bulangete pamwamba pa mulu wa mapepala. Koma Mlangizi sanayang'ane. Manja ake anatola chimene chinali pamwamba monga mwa masiku onse, supuni inadutsa kamodzi, khwee, ndipo chala chinalowetsa ngodya ija m'kati.

"Achimwene, ayi!"

Mawuwo anachedwa. Kutsidya kwa msewu kunamveka mfuu wa mnansi uja, mfuu umene aliyense wobadwa mwa mkazi amaudziwa.

Mlangizi anayang'ana manja ake. Wanthabwala anali ataimirira, msana uli kukhoma.

"Mkonzi, mwaona zimene ndaonazi?"

"Ndaona," anatero Mkonzi.

Mayiyo sanathamange, pakuti anadziwa kuti kothamangira kunalibenso. Anayang'ana munthu amene anamubereka kumsana ali wakhanda, nafunsa motsitsa:

"Tsiku la miyala lija munanditetezeranji?"

"Mukanafa inu, achemwali, anthu akanaloza yani?"

Atatero anaika supuni m'thumba la malaya, natuluka. Palibe anamugwira. Njinga yake inapezeka m'mawa yotsamira pamtengo kumapeto kwa mudzi, koma mwini wake sanaonekenso.

Malembo sanatibisire kuti mdani woopsa amadya nafe m'mbale imodzi, koma munthu amawerenga zimenezi akuganiza za nyumba za ena. Anthu a mudziwo anabwera kudzapepesa, nadzazanso benchi lija. Mayi Mapemphero anawalandira onse mwaulemu. Patapita nthawi anayambanso kulemba gawo lake, koma lopanda mayina, pakuti anati Mulungu amawadziwa kale odwala ake. Kukapinda kokha sanapitenso. Ndipo mpaka tsiku la imfa yake, m'nyumba mwake simunapindidwe kanthu: zovala, nsalu ndi zofunda, zonse ankazikoleka pachingwe, ngodya zake zili lende, poyera.