Wotsatira wa Chiphaliwali

Inu amene munapita kusukulu mpaka nsapato kutha, tandiyankheni: n'chiyani chimene munthu amachipempha tsiku lonse mpaka mawu kusasa, koma chikamubwerera usiku amaitana amake? Musafulumire kuyankha. Yankho likubwera pambuyo panupo.

Tsiku limenelo Chiphaliwali anachedwa kunyamuka kugalaja. Dzinali anadzipatsa yekha. Ntchito yake yeniyeni ndi yometa anthu. Koma chigulireni njinga yamoto yakale kwa makaniko wachikulire wa kutsidya kwa mtsinje, mtima wake unachoka pamitu ya anthu. Anatsegula tchanelo pa intaneti, n'kumangirira foni pachiwongolero, kamera itayang'ana nkhope yake, n'kumadzijambula akuthamanga, akutsuka njinga, mwina akuipsompsona pathanki. Vidiyo iliyonse inkatha ndi mawu amodzimodzi: "Nditsatireni abale anga, musandisiye ndekha."

Abalewo ankamusiya ndithu. Omutsatira anali owerengeka ngati mano a nkhalamba: mkazi wake, mlamu wake, ndi azakhali ake amene anawalanda foni n'kudina yekha. Ena ankalowa, n'kupeza mphuno yadzaza galasi lonse, n'kutuluka. Makasitomala nawo anayamba kukameta kwina, chifukwa mnyamatayu ankatha kukusiya mutu theka kuti akaone ngati wina wawonjezekera. Ndiye mkazi wake anamuuza, osakweza mawu, uku akupinda zovala za mwana, kuti mwezi ukatha omutsatirawo asanachuluke, njinga ibwerere kumene inachokera. Mwezi unali kutha m'mawa mwake.

Choncho anaganiza zoti usiku umenewo aonetse anthu pompopompo akudutsa kumanda ndi pamlatho wakale, njira imene okwera njinga anzake amaizemba dzuwa likalowa. Makaniko anachedwa kumanga tcheni, magetsi anazima, anamalizira tochi ili kukamwa. Atapukuta manja anamuuza kuti angogona pabenchi, adzapite kukacha. Chiphaliwali anaseka mpaka chisoti kugwedera. Anati mantha anawasiya m'mimba mwa amake, ndipo mdimawo ndi umene anthu akufuna kuona.

Anatsegula kampopi ka mafuta pansi pathanki, n'kuponda kamodzi, njinga n'kulira. Uyo, wapita.

Nyumba zinatha. Nyali za mumsewu zinatha. Kunatsala kanyali ka njinga yake, kowala ngati kandulo ya m'botolo. Mpanda wa manda utayamba kuoneka kumanzere, anakokera mafuta, n'kuweramira foni.

"Mukuona? Kuno ndi kumanda. Amuna anzanga amathawa, ine ndikuseka. Amene muli maso ndi amene mwagona, nonsenu nditsatireni. Musandisiye ndekha."

Njinga inatsokomola. Inatsokomolanso. Kenako zii.

Kanyali kanazima limodzi ndi injini. Chiphaliwali anaponda, anapondanso, anaponda mpaka thukuta kulowa m'maso. Njinga inangoti duu ngati bulu wokwiya. Chinayamba kumugwira si mantha ayi, koma manyazi: anthu aone Chiphaliwali akukankha? Anadina foni msangamsanga kuti aleke kuonetsa, galasi n'kuchita mdima. Anatsika, n'kugwira chiwongolero, n'kuyamba kukankha.

Matayala ankati tswaa pamchenga wa m'mbali mwa tala. Nsapato zake, phwa, phwa. Anayenda pang'ono, n'kuona kuti phokoso la nsapato lachuluka. Miyendo ali nayo iwiri, koma akumva inayi.

Anaima. Zinaima.

Anayenda. Zinayenda.

Anayesa kuimba mluzu, milomo inakana. Pambuyo pake panamveka kachifuwa kouma, khe, khe, ndi fungo la girisi wakale. Khosi linauma ngati mtengo, koma anatembenuka ndithu, pang'onopang'ono...

Munthu! Wamtali, jekete lachikopa long'ambika paphewa, chisoti chachikale chosweka pamphumi. Nkhope sinkaoneka. Manja anali m'matumba.

"Mwati tikutsatireni," anatero munthuyo. "Ndabwera."

Chiphaliwali anafuna kufotokoza kuti kutsatira kwake si kumeneko, n'kwa pafoni, kongodina ndi chala. Zimene zinatuluka m'kamwa mwake sindinganene pano, mudzazimva kutsogoloku. Anakankha njinga mothamanga. Mapazi aja anathamanganso. Anachepetsa. Nawo anachepetsa. Osayandikira, osatsalira.

Mpanda wa manda unatha. Anafika pamlatho. Pansi madzi ankalira, mphepo yozizira ikukwera m'miyendo ya buluku. Anaganiza zotaya njinga n'kuliyatsa liwiro, koma zala zinali zitauma pachiwongolero. Anaganiza za mwana wake, amene anamusiya akugona chala chili m'kamwa. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, mpaka lodalitsa chakudya.

"Musakwere," anatero mawu aja, pafupi ndi khutu. "Kankhani."

Akwera bwanji chinthu chakufa? Anakankha.

Mlatho unatha. Msewu unayamba kukhota. Mdima unali bii, woti ungaudule ndi lumo.

"Imani."

Anaima ngati wamenyedwa mbama.

"Tambasulani dzanja."

Anatambasula... Chitsulo! Chozizira, chakuthwa kunsonga, patsogolo penipeni pa khosi lake. Anapapasa. China. Chinanso. Mwezi unasuzumira pang'ono m'mitambo, ndipo anaona: lole yofera pakhona, yopanda nyali, yopanda chizindikiro chilichonse, itasenza zitsulo zomangira nyumba zotulukira kumbuyo ngati mikondo. Akanabwera ndi liwiro lija, ndi kanyali kake ka kandulo kaja, mutu ukanatsala pamenepo, njinga n'kukafika yokha kunyumba.

Anazungulira lole ija akukoka mapazi, mpweya ukutuluka ngati tayala lobooka.

"Tsopano tsegula kampopi, mphwanga."

Anapapasa pansi pathanki. Kampopi kanali kotseka. Kampopi kamene anatsegula yekha ndi dzanja lake kugalaja! Anakatembenuza, n'kuponda kamodzi, njinga n'kulira ngati sinalakwepo. Mtima utabwerera m'malo pang'ono, ulemu unabweranso. Anafunsa osatembenuka ngati akuluwo angakwere awaperekeze.

"Pitani. Ine ndimathera pompano."

Atacheuka, kanyali kofiira kakumbuyo kanangounikira msewu ndi matayala a lole. Anayenda ulendo wotsalawo pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Atafika anagogoda ndi manja onse awiri, anakumbatira mkazi wake, anakadzutsa mwana n'kumupsompsona, kenako anakalowa kubafa ndi buluku lake n'kukhalitsako.

Kutacha foni inali kulira ngati anapiye. Otsatira! Ankalowa ngati nyerere pa shuga, anthu osawadziwa, ena a zilankhulo zina. Mkazi wake anayang'ana, n'kunena kuti chabwino, njinga ikhale. Ankaoneka kuti akulimbana ndi milomo yake, koma mwamunayo sanazione. Sanaonerenso n'komwe vidiyoyo. Anavala jekete n'kuthamangira kushopu yometera.

Kumeneko benchi inali yodzaza koyamba chaka chino. Chiphaliwali, mashini ali m'manja, anafotokoza mmene anazimitsira njinga dala kumanda kuti amve ngati mizimu ili ndi mawu. Anati anapeza kamdala kena katasochera, kakunjenjemera, ndiye anakaperekeza kuwoloka mlatho akukalimbitsa mtima. Lole ija anaiona patali, maso ake ndi a kadzidzi. Anthu ankangogwedeza mitu, ena ataluma milomo, mlamu wake atabisa nkhope m'nyuzipepala.

Ali pakati pokamba, analowa makaniko uja, foni ya mdzukulu wake ili m'manja. Sanapereke moni. Anakhala pampando wina wometera, n'kuimika foni patsogolo pagalasi, n'kudina.

Chala chimene chinadina foni msangamsanga kumanda kuja sichinazimitse kanthu. Chinangochepetsa kuwala. Dziko lonse linaona zonse.

Nayo nkhope ya Chiphaliwali, yotuwa ngati phulusa, maso ali tong'o. Kumbuyo kwake, kumene kunayenera kuoneka munthu wamtali, kunali mdima wokhawokha. Koma kachifuwa kanamveka, khe, khe. Mawu anamvekanso bwinobwino. Atafika poti "tsegula kampopi, mphwanga," makaniko anaimitsa vidiyo, n'kuvula kapusi.

"Awa ndi akulu anga," anatero. "Njinga ukukwerayi inali yawo. Anawomba lole yofera pakhona lomwelo, iwe usanamere mano. Ndinaitola zidutswa, n'kuimanganso."

Mashini ometera ankangolira okha m'manja mwa mwini wake. Makanikoyo anapukuta m'maso ndi kapusi, kenako n'kuyamba kumwetulira. Anati malemuwo khalidwe lawo linali lomwelo: mnyamata akadzitama ndi liwiro pagalaja, ankamutsekera kampopi mwakachetechete, kuti akathamange pang'ono, njinga ikamufere, abwere akukankha. Anati wakhala zaka zonsezi akudandaula kuti akulu ake anapita osatsanzika, koma lero wamva kuti ali bwino, ndipo nthabwala zawo sanasiye.

"Tsono tiyeni timve mmene unawalimbitsira mtima," anatero, n'kubweza vidiyo m'mbuyo.

Mawu a Chiphaliwali anadzaza shopu yonse, opyapyala ngati a kamwana ka mbuzi. Amayi ine, amayi! Musanditsatire, bambo, ndimangocheza! Ndine wometa chabe, ndili ndi mwana wamng'ono! Ambuye dalitsani chakudya tilandirechi!

Benchi inagwa. Mlamu wake anatsamwa, anachita kumumenya pamsana. Munthu wometedwa theka anatuluka panja atagwira nthiti, nsalu ili m'khosi. Pakhomo panali pataima mkazi wake, mwana ali m'manja, ndipo anafunsa mwaulemu wonse ngati bambo a mwana angafotokozerenso anthu chifukwa chimene buluku linachapidwa pakati pa usiku, poti mvula sinagwe.

Chiphaliwali anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, anayang'ana njinga yake panja ili phee padzuwa. Mlamu wake, misozi ili mbwee, anamuloza ndi kamera n'kumuuza kuti anthu ake atsopanowo akudikira mawu aja a masiku onse.

Anakonza kolala.

"Nditsatireni abale anga," anatero ndi mawu aang'ono. Kenako anacheuka kumbuyo, n'kuwonjeza msanga: "Koma amoyo okhaokha."